Mthunzi Umayenda

Lachisanu, 6 Sepitembala

Okondedwa Amayi,

Kunja kwatentha kale ngakhale kuti nthawi yangopitirira pang'ono sikisi koloko m'mawa, ndipo kumwamba kulibe kamtambo ndi kamodzi komwe. Ndikulemba nditakhala pa benchi ya pakhomo pa sitolo ya mankhwala, magalimoto asanayambe kubwera. Muli bwanji, Amayi? Bondo lija likuti bwanji? Nanga achemwali ndi ana awo? Ine kuno ndili bwino.

Musakwiye kuti sindiimba foni. Mukudziwa kuti pafoni mawu amandithawa, inu mumangomva kupuma kwanga n'kuyamba kukuwa kuti, "Kachete, ulipo?" Papepala ndiye ndimatha kunena zonse. Kalatayi ndiwapatsa adalaivala a basi ya kwathuko monga mwa masiku onse.

Kuntchito kuno kwabwera nkhani. Mukudziwa kuti mumsewu wathu, womwe uli pakati penipeni pa mzinda, tilipo anthu khumi ndi awiri ovala majekete onyezimira. Galimoto ikaima timalemba tikiti, mwini wake n'kulipira. Dzulo akapitawo anatisonkhanitsa n'kutiuza kuti khonsolo ya mzinda ikufuna kusintha malo onse oimikapo magalimoto. Akuti zomwe timatolera sizikukwanira ngakhale penti yojambulira mizere. Ndiye atenga ngongole kubanki kuti agule makina makumi awiri odula matikiti okha. Mitengo isanu ndi iwiri ya pakati pa msewu adula kuti pakwane magalimoto ambiri. Mwa ife khumi ndi awiri adzatsala anayi okha, othandiza anthu pamakinapo, ndipo akuti adzasankha odziwa kulankhula ndi anthu.

Atanena mawu omalizawo anzanga onse anatembenukira kwa ine. Amayi a Wezulo, aja ndimagwira nawo mbali imodzi, omwe amaimitsa lole ndi wezulo yawo, anati, "Kachete, iwe yambiratu kulongedza. Ine ndimalankhula ngakhale ndili mtulo." Anaseka mpaka kutsokomola, kenaka ananyema buledi wawo n'kundipatsa chidutswa chachikulucho.

Musade nkhawa, sananene tsiku. Ine ntchitoyi ndimaikonda, Amayi. Ndimakonda m'mawa ngati muno, ometa akusesa pakhomo pawo, atelala akutulutsa makina awo pakhonde, alonda a kubanki akupukuta nsapato ndi mpango.

Kope lija ndikulembabe, pano ndili pa lachisanu ndi chinayi. Munandifunsa kuti ndimalembamo chiyani. Anzanga amafunsa woyendetsa kuti, "Mukhala nthawi yayitali bwanji?" Ine ndimachita manyazi kufunsa, ndiye ndimajambula msewu wonse patsamba limodzi tsiku lililonse. Galimoto ikafika ndimaijambula pamene yaima, n'kulemba nthawi. Ikachoka ndimalembanso. Ndimadetsanso ndi pensulo pamene mthunzi wafika. Mwakuti pano ndimadziwa munthu asanatsike kuti uyu ndi wa mphindi khumi, uyu ndi wa tsiku lonse.

Mundiuze za kumeneko. Nkhuku ya mawanga ija inaswa angati?

Ndine mwana wanu,
Kachete

*

Lamulungu, 15 Sepitembala

Kachete mng'ono wanga,

Ndine mkulu wako ndikulemba, Amayi ndiwo akulankhula, chifukwa maso awo sakuonanso zilembo. Akhala apa pampando wawo, ndipo akulankhula mothamanga kuposa dzanja langa.

Akuti moni mwana wanga. Akuti bondo lili bwino, koma maso ndiwo atha. Dzulo anapereka moni kwa thumba la makala lomwe linatsamira pakhoma, n'kudandaula kuti ana a masiku ano sayankha. Akuti zimenezi ndisalembe. Ndalemba. Akuti ukapeza mpata uwafunsire magalasi a maso m'sitolo ya mankhwalayo, aja owerengera.

Tsopano za makinawo. Akuti makina ndi chiyani pamaso pa mwana wanga? Makina angadziwe kuti uyu ndi wa mphindi khumi? Akuti uwauze akapitawo kuti mayi wako akubwera adzalankhule nawo. Akuti kusukulu aphunzitsi akakufunsa dzina ndinkayankha ndine, kuchipatala adokotala akakufunsa pomwe pakupweteka ndinkayankha ndine, ndiye khonsolo ingandivute? Ndawauza kuti n'chifukwa chake mwanayo sanaphunzire kuyankha. Andiponyera silipasi, koma yakagwera kwa mphaka.

Zanga tsopano. Mng'ono wanga, yesa kutsegula pakamwa. Yamba ndi zazing'ono. Galimoto iliyonse ikaima uzinena "mwadzuka bwanji" mokweza, ngakhale mwini wake atatseka mawindo. Pakatha mwezi lilime limasuka. Ntchitoyo usaitaye, tonse timanyadira tikamauza anthu kuti wathu amalamula magalimoto mumzinda. Ine ndimawonjezera pang'ono, ndimati ngakhale a mabwana amaima iwe ukakweza dzanja.

Nkhuku ya mawanga inaswa asanu ndi atatu, khwangwala watenga mmodzi. Ana akukupatsa moni, wamkuluyo akufuna umujambulire basi ya ntchito ziwiri, yonyamula anthu ndi youluka.

Amayi akuti ndiwonjezere kuti uzidya, ndiponso kuti zaka zikupita, anzako onse ali pabanja. Akuti iwe umangoyang'ana magalimoto, osayang'ana omwe akutsikamo.

Mkulu wako, m'malo mwa Amayi

*

Lachiwiri, 24 Sepitembala

Okondedwa Amayi ndi achemwali,

Zikomo chifukwa cha kalata. Ndinaseka ndekha pabenchi za thumba la makala mpaka alonda a kubanki anabwera kudzafunsa ngati ndili bwino. Muli bwanji nonse? Magalasi ndafunsa, akuti mwini maso abwere yekha adzayese.

Achemwali, malangizo anu ndinayesa. Ndinanena "mwadzuka bwanji" kwa galimoto yofiira. Munalibe munthu, munali galu yekha.

Koma pali china chachitika. Sabata yatha kunabwera mwamuna wina wa chipewa chachikasu, injiniya wa kukhonsolo. Anzanga angomutcha kuti a Chipewa. Ntchito yawo ndi kuwerenga magalimoto ndi kuyeza msewu makina asanabwere. Tsiku loyamba anaima pafupi ndi ine osanena kanthu, inenso osanena kanthu, ndipo tinagwirizana bwino kwambiri. Tsiku lachitatu anakanda khosi n'kunena okha kuti, "Sindikumvetsa. Mbali iyo malo ali mbee, koma magalimoto akungozungulira kulimbirana mbali ino. Anthuwa ali ndi nzeru?"

Ine ndinangoloza kumwamba. Anayang'ana mitengo, anayang'ana pansi, n'kuti, "Mthunzi?" Ndinagwedeza mutu. Kenaka sindikudziwa chinandigwira, ndinawatsegulira kope. Ndinawaonetsa ndi chala kuti m'mawa mthunzi umagwera mbali ya banki, ndipo magalimoto onse amadzaza kumeneko. Dzuwa likapendeka mthunzi umawolokera mbali ya sitolo ya mankhwala, magalimoto n'kuwolokanso. Ena amazungulira katatu kudikira malo a mthunzi pamene a padzuwa ali opanda kanthu.

Anakhala pansi pabenchi n'kutsegula masamba onse limodzilimodzi. Anafunsa kuti, "Makope otere alipo angati?" Ndinaonetsa zala zisanu ndi zinayi. Anati, "Munthu ngati iwe ndakhala ndikumufuna zaka zambiri."

Kuyambira tsiku limenelo amabwera tsiku lililonse, ndipo amaima pomwe ndaima ine. Dzana anandigulira chakumwa chozizira. Anafunsa kuti kwathu n'kuti, makolo alipo, sukulu ndinalekera pati. Nditanena kuti sitandade eyiti anati zimenezo kwa iwo zilibe kanthu. Makope onse atenga kunyumba kwawo, akuti awasamala ngati mazira. Amayi a Wezulo akuti, "Taonani Kachete, ife timaimba mawezulo zaka khumi osaonedwa, iye wangoloza kumwamba basi."

Lero andiuza kuti Lachisanu pa 18 Okutobala ndisadzavale jekete, ndidzavale diresi yanga yabwino. Akufuna kukandionetsa kwa akuluakulu awo muholo, teni koloko m'mawa. Amayi, sindikudziwa ngati ndikondwe kapena ndithawe. Ndikanafotokoza zambiri koma basi ikuliza kale hutala, ndipo adalaivala sadikira munthu.

Mwana wanu,
Kachete

*

Lachinayi, 3 Okutobala

Kachete, Kachete, Kachete!

Ndine mkulu wako. Amayi sakukhala pansi, akulankhula akuzungulira tebulo, bondo lachira lokha. Kalata yako ndawawerengera kanayi. Pofika pa chakumwa chozizira amandiimitsa kuti ndibwerezenso.

Akuti mwana wanga, wachete iwe, kodi unali ndi zimenezi mumtima? Akuti injiniya! Akuti ine ndinadziwa kalekale kuti mwana ameneyu sadzabwera ndi munthu wamba. Akuti mwamuna wofunsa za makolo ndi mwamuna wolongosoka, ndipo wonena kuti sukulu ilibe kanthu ndiye wachikondi chenicheni. Akuti koma walakwitsa chimodzi. Angakuonetse bwanji kwa akuluakulu a kwawo, muholo monse, mayi wako palibe? Ukafunsidwa adzakuyankhira ndani? Choncho akuti pa 18 akubwera ndi basi ya m'mamawa, ndipo usawakanize.

Ndikuuze zomwe zachitika kuno, kuti usadzadabwe. Khoma la kutsogolo lapakidwa laimu. Diresi ya buluu ya Amayi ija yachapidwa, yasitidwa, ndipo yapachikidwa pomwe palibe wololedwa kudutsa. Amayi anandilumbiritsa kuti nkhaniyi ikhale ya m'nyumba muno, kenaka iwo anapita kukatunga madzi. Pobwera anali atauza amayi a kugolosale, aphunzitsi aakulu ndi amayi onse a kwaya. Akwaya ayamba kale kukonzekera nyimbo ziwiri. Amalume anabwera dzulo atavala jekete kudzafunsa ngati mkamwini angawayezere malo omangapo khola la nkhumba.

Tsopano mafunso anga, uyankhe onse. Ndi wamtali? Akaseka mano ali bwanji? Chipewacho amavula, kapena pali chomwe akubisa? Galimoto ali nayo, ndipo amaimika pamthunzi kapena padzuwa? Iwe mng'ono wanga wandigonjetsa. Ine ndinalankhula zaka ziwiri kuti alamu akowa andione, iwe chala chimodzi.

Za makina sitikudanso nazo nkhawa. Amayi akuti makinawo abwere ngakhale zana, mkazi wa injiniya salemba matikiti.

Mkulu wako wokondwa

*

Loweruka, 5 Okutobala

Okondedwa Amayi ndi achemwali,

Muli bwanji? Yankho lanu sindinalandire. Kudepoti andiuza kuti basi ya kwathu yawonongeka, ili kwa amakanika, ndiye kalatayi ndiisiya pawindo la matikiti kuti adalaivala adzaitenge basi ikachira. Ndikufuna ndimalize zomwe ndinasiyira panjira.

Pa 18 paja ndi msonkhano wa khonsolo. Makhansala onse adzakhala muholo kuti avomereze za ngongole, makina ndi kudula mitengo. A Chipewa awerenga makope anga onse ndipo asintha maganizo. Akuti mitengo ikadulidwa anthu adzathawira kumisewu ina, ndipo makinawo adzangoima padzuwa okha. Maganizo awo atsopano ndi akuti mitengo ikhale. Woimika pamthunzi azilipira zoonjezera pang'ono, woimika padzuwa azilipira zochepa, kuti mbali zonse zidzaze ndipo khonsolo ipeze ndalama zokonzera msewu popanda ngongole yaikulu. Tidzakhala ndi zikwangwani zobiriwira zosonyeza malo a mthunzi. Koma poti mthunzi umayenda, chikwangwani chiyenera kunyamulidwa ndi munthu, ndiye anthu sangachotsedwe.

Vuto ndi ili. Akuti makhansala iwowo sawamvera chifukwa akupuma pantchito mwezi wa Disembala, ndipo ena amawanena kuti nkhalamba ikungokonda mitengo. Akuti, "Mwana wanga, ine ndili ndi zidzukulu zisanu ndi chimodzi, ndikalankhula amaganiza kuti ndi nthano. Koma iwe waima mumsewu umenewu zaka zitatu. Ukanene wekha." Akazi awo, omwe amawabweretsera chakudya masana, ndi mayi abwino kwambiri, andisokera kolala ya diresi yomwe inang'ambika.

Amayi, ine ndikalankhule pamaso pa anthu makumi atatu? Dzulo tinayeserera kuseri kwa sitolo. Amayi a Wezulo anakhala pa kreti ngati wapampando, n'kuti, "Mtsikana, tauza khonsolo dzina lako." Ndinatsegula pakamwa, panatuluka mpweya wokha. Anati, "Khonsolo yamva, yathokoza, ndipo yakuchotsa ntchito." Tinaseka, koma kenaka anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Kachete, ana anga anayi amadya jekete iyi. Ukakanika kulankhula ukalire, mwina angamve chisoni."

Ndiye si ntchito yanga yokha, ndi ya anthu asanu ndi atatu. Mundipempherere. Musavutike kubwera, Amayi, ulendowu ndi wautali pa bondo lanu. Ndidzakulemberani zonse.

Mwana wanu,
Kachete

*

Lachisanu, 18 Okutobala

Kachete,

Mayo ine. Ndikulemba nditaimirira pa siteji, pamsana pa mwana wanga. Basi yayamba kuyenda dzulo, ndipo Amayi akwera ya m'mamawa uno, diresi ya buluu, nsapato za kutchalitchi, ndi tambala wamoyo wa mkamwini mudengu. Basi itayamba kunyamuka adalaivala anatulutsa mutu pawindo n'kuti, "Ee, kalata yanu iyi, inatsalira mugalimoto!" Inali yako ya pa 5. Anandionetsanso yanga ya pa 3, akuti aipereka lero. Ndiye kuti iwe sukudziwa chilichonse!

Ndinaitsegula basi ikukhota pa chigayo. Zidzukulu zisanu ndi chimodzi! Ndinathamangira basi ndikukuwa, Amayi anangondibayibitsa ndi mpango, akumwetulira. Ndakuimbira kasanu ndi kawiri, foni yako monga mwa nthawi zonse ili m'sutikesi.

Ndakhala pansi pafumbi, ndaseka mpaka amayi ogulitsa nthochi andipatsa madzi. Kenaka ndakumbukira akwaya, kuseka kwatha. Kapepalaka ndikapatsa woyendetsa lole ya simenti, ngakhale ndikudziwa kuti kafika zonse zitachitika. Mng'ono wanga, limba mtima muholomo. Ndipo a Chipewa uwapepesere, kaya Amayi awauza zotani.

Mkulu wako

*

Lamulungu, 20 Okutobala

Okondedwa achemwali,

Muli bwanji ndi ana? Kapepala kanu kafika dzulo kali ndi simenti. Khalani pansi, ndikuuzeni mwadongosolo.

Lachisanu ndinafika mumsewu wathu nditavala diresi. Itangokwana hafu pasiti naini ndinamva mawu kumbuyo, "Mwana wanga!" Kutembenuka, Amayi, dengu pamutu, tambala atatulutsa khosi. Ndisanafunse kanthu anandikumbatira n'kunong'ona kuti, "Ali kuti?" Ine ndinaganiza kuti alandira kalata yanga ndipo abwera kudzandilimbitsa mtima, ndiye ndinaloza tsidya la msewu pomwe a Chipewa anaima.

Amayi anatsinzina diso limodzi n'kuti, "Ee, wamtali bwino. Akuyenda mwaulemu, mosathamanga. Wasankha, mwana wanga."

A Chipewa anawoloka, anafika, n'kuvula chipewa kuti apereke moni. Achemwali, mutu wawo ndi woyera ngati thonje, ndipo pakati palibe tsitsi. Kumbuyo kwawo kunali akazi awo, omwe anagwira Amayi manja onse awiri n'kunena kuti, "Ndinu amayi ake a Kachete? Amuna angawa sasiya kumutchula. Zaka makumi anayi tili pabanja sindinawaonepo akukondwa ndi kope chonchi."

Amayi anatsegula pakamwa. Anatseka. Anayang'ana mutu uja, anayang'ana mayi aja, anayang'ana tambala. Sanatulutse liwu ndi limodzi lomwe. Amayi a Wezulo anandinong'oneza kuti, "Kodi kwanu nonse ndinu otere?"

Muholo munali matebulo aatali, mafani akuzungulira, makhansala atavala masuti. Anayamba ndi bambo wina wofotokoza za makina, analankhula nthawi yayitali ndi zithunzi zokongola. Kenaka a Chipewa analankhula, ndipo ndinaona ena akuyang'ana mafoni. Kenaka awapampando, mayi wonenepa wa magalasi, anati, "Mtsikana wa makope uja ali kuti? Tamuuzani aime."

Ndinaima. Mawu onse omwe ndinaloweza anathawa. Ndinachita zomwe ndakhala ndikuchita moyo wanga wonse, ndinatembenukira kwa Amayi kuti andiyankhire. Amayi anali duu, dengu pamiyendo, maso ali pa mutu wa a Chipewa. Ndinadikira. Palibe. Pakhomo ndinaona majekete a anzanga akusuzumira.

Ndiye ndinayang'ana wotchi ya pakhoma. Inali hafu pasiti leveni. Ndinamva mawu akuti, "Tiyeni tikaone." Anali anga.

Awapampando anati, "Wati chiyani?"

Ndinati, "Kunena sinditha, mayi. Koma msewu uli pafupi. Tiyeni mukaone."

Ena anadandaula, koma awapampando anati akhala pampando kuyambira m'mawa ndipo msana wawawa, n'kunyamuka. Onse anatsatira. Tinayenda mphindi zisanu, ine patsogolo. Nditafika ndinakaima dala mbali ya sitolo ya mankhwala, padzuwa, pomwe malo oimikapo anali opanda kanthu. Dzuwa linali loswa mutu. Ndinangodikira. Mmodzi anamasula tayi. Wina ananamizira kuti akufuna kuona mtengo bwinobwino. Posakhalitsa makhansala onse anali atawoloka, ataunjikana pamthunzi mbali ya banki, pakati pa magalimoto, mapewa akugundana. Padzuwa tinatsala ine, Amayi ndi tambala.

Ndinakweza mawu kuti amveke tsidya la msewu. Ndinati, "Mwaona? Palibe wakuuzani kuti muime pamenepo. Magalimoto nawonso amatero."

Anayang'anana. Awapampando anayamba kuseka, kuseka kwenikweni kogwira pamimba. Bambo wa makina anati, "Koma makina athu akhoza kuikidwa mbali ya mthunziyo." Ndinati, "Dikirani pang'ono, bambo." Ometa anatulutsa mabenchi, alonda a kubanki anabweretsa madzi. A Chipewa anayendetsa makope anga m'manja mwa anthu. Itadutsa thwelofu mthunzi unayamba kuchoka kumapazi awo, ndipo iwo ankasuntha nawo pang'onopang'ono osadziwa. Pofika wani koloko onse anali ataima mbali yanga. Ndinati, "Makina sangawoloke msewu. Ife timawoloka."

Khansala wina wamfupi anafunsa ngati zoonadi anthu angalipire zoonjezera chifukwa cha mthunzi chabe. Ndinatsegula kope lachisanu ndi chitatu n'kumuonetsa. Ndinati, "Galimoto yoyera iyi ndi yanu, bambo. Lachiwiri lililonse mumazungulira katatu." Anzake anamuwombera m'manja, iye n'kukweza manja kuti wagonja. Amayi a Wezulo analiza wezulo mpaka nkhunda zinauluka padenga la banki.

Anavomereza pomwepo pansi pa mtengo, n'kukasainira kuholo. Ayesa kwa miyezi isanu ndi umodzi. Mitengo siidulidwa. Makina agula awiri okha, a kumapeto kwa msewu komwe kulibe mitengo. Anthu asanu ndi anayi titsala mumsewu ndi zikwangwani zobiriwira, atatu apita kukabzala ndi kuthirira mitengo m'misewu ina, ndi ndalama za pamthunzi zomwezo. Palibe wochotsedwa. Ine andipatsa makope atsopano khumi ndi mapensulo, kuti ndijambule mthunzi wa misewu ina inayi.

Adalaivala anandipatsa kalata yanu ya pa 3 madzulo ake, ndipo m'pamene ndinamvetsa za tambala. Ndinawerenga mokweza, Amayi atafunda mpango kumaso. Liwu lawo loyamba chichokereni m'mawa uja linali lakuti, "Akwaya." Tambalayo tinawapatsa a Chipewa ndi akazi awo. Amayi anati ndi wothokoza, ndipo zinthu zina zisatuluke m'banja.

Dzulo tinapita kusitolo ya mankhwala, magalasi apezeka. Amayi atangovala anayang'ana pakhonde n'kufunsa kuti, "Telala wachinyamatayo bwanji akusoka akuyang'ana kuno?" Achemwali, chonde, zimenezi musauze munthu, laimu wina asapakidwe.

Akuti ndikuuzeni kuti akwaya asasiye nyimbo zawo, adzaimbe basi, chifukwa mwana wawo wayendetsa khonsolo yonse padzuwa. Amalume muwauze kuti khola ayeze okha.

Pano Amayi akhala pawindo ndi magalasi awo, makope anga onse asanu ndi anayi ali pamiyendo. Kuyambira m'mawa akutsegula tsamba limodzilimodzi, akutsatira timagalimoto ndi chala. Posachedwapa anandiitana, ndinaganiza kuti akufuna madzi. Anati, "Kachete, zonsezi unanena ndiwe?" Ndinati inde. Anati, "Kodi mwanayu amalankhula kalekale. Ine ndiye ndinalibe magalasi."

Abwera Lachitatu ndi basi ya masana. Mukawalandire pa siteji, ndipo musaseke mpaka mufike kunyumba.

Ndamaliza kulemba lero Lamulungu, nthawi ili folo koloko madzulo, mthunzi uli mbali ya sitolo ya mankhwala.

Ndine mng'ono wanu,
Kachete